Zitsulo zolemeretsa mpope wa air rifle, ndaziyesa ndipo nazi zomwe ndaona

Ndiyambe ndi yankho kaye kwa amene mulibe nthawi yowerenga zonsezi. Seti iyi ya zitsulo zomangirira pa mpope wa mfuti, chubu chomwe peleti imadutsamo, ndiyabwino, ndalama yanga sinalowe mmadzi ayi, mfuti inayambadi kudekha mmanja. Koma sikuti aliyense amene ali ndi air rifle athamangire kukagula, komanso mmene imabwerera mu paketi muja simungalowe nayo mpikisano wa malamulo a ISSF, bungwe la masewera owombera chandamale padziko lonse, musanasinthe kanthu kena kake, ndifotokoza mmunsimu.

Ine ndimakhala kuno ku England ndipo ndimawombera 10 metre air rifle pa kalabu ina yapafupi ndi pomwe ndikukhala, masiku amene shifiti yandilola. Ndikudziwa kuti ambirife tikamva air rifle timaganiza zija zothyola pakati zophera njiwa, ayi izi ndi zina. Mfuti ya mpikisano imayendera mpweya wopopera mu silinda yomwe imakhala kunsi kwa mpope, wothinikizidwa mpaka 200 bar, zina 300 bar, peleti yake ndi ya 4.5 mm yaphwatalala kutsogolo kuti iziboola pepala bwinobwino, mphamvu yake ndi yochepa, cha mma 7.5 joules basi, moti ku England ndi ku Wales siifuna laisensi poti ili kutali ndi malire a mphamvu a 12 ft-lb omwe lamulo linaika, koma amene muli ku Scotland kumeneko kumafunika setifiketi. Yanga ndi ya ku Germany, ndinagula ya kaunjika kwa bambo ena amene anasiya masewerawa chifukwa cha maso, ndipo pa sikelo imabwera 4.6 kg ndi ma sight omwe, tizida toyang'anira polunjika chandamale.

Anthu amafunsa kuti nanga mfuti yolemera kale chonchi mukuilemeretsanso kuti zitani. Nkhani yonse ili pa chandamale. Chili pa mtunda wa mamita 10, munthu uli chiimire, palibe poyedzamira palibe lamba wokuthandiza, ndipo ka 10 kapakati paja ndi kadontho ka 0.5 mm, theka la milimita, diso silikaona nkomwe, chomwe umaona ndi bwalo lakuda la 30.5 mm lomwe umaliika pakati pa sight ya kutsogolo. Kuyambira 2013 mapointi a mpikisano wonse amawerengedwa ndi ma decimal mpaka 10.9, ndipo kuchoka pa 10.4 kufika pa 10.3 ndi kota ya milimita basi. Amene munaonera Olympics ya Paris 2024 mukukumbuka fainolo ya amayi ija ku Châteauroux, Ban Hyo-jin wa ku South Korea ali ndi zaka 16 zokha ndi Huang Yuting wa ku China onse anathera pa 251.8 patatha peleti 24, nde golide anapita ku Korea ndi peleti imodzi yowonjezera, 10.4 kwa 10.3. Masewera ake ndi amenewo. Tsono mfuti ndi yotalika mita imodzi ndi pang'ono, chandamale chili mamita 10, kutanthauza kuti kukamwa kwa mpope kukangosuntha pang'ono chabe, pofika kutsogolo uko kwachulukitsidwa pafupifupi ka 10. Mtima ukugunda, minofu ikunjenjemera, thupi likuyendayenda pamapazi, zonsezo zikukathera kukamwa kwa mpope. Zitsulo amaikira zimenezo.

Zomwe zinabwera mu paketi ndi zitsulo zinayi, ziwiri za 50 g ndi ziwiri za 100 g, zonse pamodzi 300 g. Chilichonse ndi mphete yokhuthala yogawidwa pakati, mumatsegula, kuveka pa mpope nkumanga, nde simufunika kuchotsa sight ya kutsogolo kuti zilowe, chimene ndinachikonda kwambiri chifukwa zina zomwe ndinaonapo kwa anzanga ndi zolowetsera kukamwa, uyambe wamasula zonse kutsogolo kuja. Kunsi kwake anasema kuti silinda izidutsa, mkati anaikamo kapulasitiki kopyapyala kuti chitsulo chisakande mpope. Anazipaka zakuda zosanyezimira, bwino ndithu, chifukwa magetsi a pa range akamawala pa chitsulo chonyezimira chomwe chili kutsogolo kwa diso amasokoneza. Ndinaziika chimodzichimodzi pa sikelo ya ku khitchini, zinakwana mmene analembera. Mmphepete mwake mosalala, palibe pocheka chala. Pa kapangidwe pokha ndilibe nawo mawu.

Tsono malamulo. Buku la ISSF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse lomwe likulu lake lili ku Munich, limalola zitsulo za pa mpope ndipo limachita kunena kuti mukhoza kumazisuntha mu utali wa mpopewo mmene mukufunira. Koma mfuti yonse mmene mukuwombera nayo, ma sight, silinda, butt plate (kachida kakumbuyo kokhazika paphewa), zitsulo, chilichonse chomwe mwamangapo, isapose 5.5 kg. Imeneyo aliyense amaidziwa. Pomwe ambiri amagwa ndi pa 30 mm. Chitsulo chikhale mkati mwa 30 mm kuchokera pakati penipeni pa mpope, osati kuchokera pa khungu la mpope ayi, kuchokera pakati pa bowo lomwe peleti imadutsa, ndipo ndi mbali zonse, mmwamba, mmunsi, mmbali, nde ngati chili chozungulira bwinobwino kukula kwake konse kusapose 60 mm. Palinso 850 mm, utali wochokera kumbuyo kwa makina mpaka kukamwa kwa mpope, choncho chitsulo chisatulukire kutsogolo nkutalikitsa mfuti. Tepi yomangira zitsulo analetsa, zija anthu ankangotenga mtovu nkukulunga ndi tepi yakuda zinatha. Zitsulo zina zomwe si za pa mpope zimayenera kukhala mkati mwa maonekedwe a stock, thunthu la mfuti lomwe munthu amagwira, osati zolendewera kunsi kapena zotulukira mmbali kumbuyo uko, poti zoterozo zimatha kukhudza chifuwa kapena jekete nkusanduka choyedzamira. Ndipo musaganizeko zoboola mpope kapena chubu chake kuti mupeze pomangira, kuboola kulikonse nkoletsedwa.

Vuto la seti iyi lili pa 30 mm pomwepo. Mphetezo pazokha zili bwino, 44 mm kukula konse, kutanthauza 22 mm kuchokera pakati, malo otsala ambiri. Koma opangawo anafuna kutithandiza kuti tizisuntha ndi zala osafuna Allen key, nde anaika bawuti ya mutu waukulu wamizeremizere yotulukira mmbali. Nditayeza ndi vernier, kachida koyezera mamilimita, mutuwo ukufika 33 mm kuchokera pakati. Mamilimita atatu okha inde, koma woyeza zida sasankha kuti iyi ndi bawuti ichi ndi chitsulo, zonse ndi chinthu chimodzi chomangidwa pa mpope. Chimene chinandiwawa nchoti pomwe amatsatsa paja analemba kuti nzoyenera mpikisano, ndipo mu paketi munalibe olo kapepala kochenjeza. Taganizani munthu wangoyamba kumene, wasunga ndalama zake, walipira mpikisano, wayenda ulendo wautali, nkukachotsedwa chifukwa cha mutu wa bawuti? Sizoona zimenezo abale. Ndinawalembera a shopu, anayankha mwaulemu ndithu komanso mwachangu, anati mabawuti aakuluwo ndi a pophunzira pokha, nkunditumizira ena aafupi olowa mkati, aulere. Pamenepo ndiwayamikire. Koma akanangoika mitundu yonse iwiri mu paketi poyamba pomwe ndi mzere umodzi wofotokoza, bwenzi nkhani palibe. Kayezedwe kake nkosavuta, yezani kunenepa kwa mpope pamalo pomwe pali chitsulo, gawani pawiri, kenako wonjezerani mtunda wochokera pa khungu la mpope kufika pansonga yomwe yatulukira kwambiri. Zikapitirira 30 sinthani musanapite nayo kulikonse.

Chomwe ndikufuna mutolepo kwambiri anzanga nchoti apa simukugula makilo, mukugula malo oika kulemera. Tengani khasu. Ligwireni kumapeto kwa mpini, mutambasule mkono, muyese kuligwedezera uku ndi uku mofulumira, limakana, limayenda mwaulesi ndipo mkono suchedwa kutopa. Nde litembenuzeni mugwire pafupi ndi chitsulo, mpini uloze kutsogolo, khasu lomwelo kulemera komweko, koma tsopano likugwedezeka mosavuta ndipo silikulemetsa. Pa mfuti zili chimodzimodzi. Masamu ake ndi oti kukana kugwedezeka kuja kumakula ndi mtunda kuchulukitsa ndi mtunda womwewo, nde chitsulo cha 100 g mukachipititsa kutali kawiri kuchokera pomwe mfuti imatembenukira, mphamvu yake yodekhetsa imakhala kanayi, pomwe kukokera pansi komwe chikuwonjezera pa mkono ndi pa msana kwangowirikiza kawiri. Nchifukwa chake kachitsulo kakang'ono kukamwa kwa mpope kamagwira ntchito kuposa chachikulu chomwe chili pafupi ndi dzanja. Koma palibe chaulere, chinthu chovuta kuchisuntha chimavutanso kuchiimitsa, mfuti ikayamba kuchoka pa 10 imapitirira ulendo, kuibweza kumafuna minofu, ndipo aliyense wowombera chiimire akudziwa kuti minofu ikangolowapo basi zaonongeka.

Ndinayesa dala malo osiyanasiyana kuti ndidziwe chomwe ndagula. Kalabu yathu ili ndi SCATT, kamakina komangirira pa mfuti komwe kamajambula pa kompyuta njira yonse yomwe mpope wayenda usanawombe, nde sizongomva mthupi chabe, umachita kuona ndi maso. Popanda chitsulo mzere wanga umakhala wa timakona tambirimbiri, kunjenjemera kofulumira makamaka mmbali. Nditaika 300 g yonse kukamwa, koma abale, peleti zoyambirira zinali zokoma zedi, sight ikuyenda mwaulemu, bwalo lakuda likukhala pakati nthawi yokwanira yoti chala nkumaliza trigger osathamangira. Munthu atangowombera peleti 10 nkuweruza anganene kuti zonse ziikidwe kutsogolo basi nkhani yatha. Koma mpikisano ndi peleti 60 mu mphindi 75, kuwonjezerapo mphindi 15 zokonzekera, ndipo peleti iliyonse ukunyamula mfutiyo pa stand, kuikhazika paphewa, chigongono pa fupa la mchiuno, msana utapindikira kumbuyo, kutsitsa, kunyamulanso. Titapitirira theka msana wa mmunsi unayamba kuyaka, mfuti nkumamira kunsi kwa chandamale ndikangodikira pang'ono, ndipo kuti isamire ndinkapezeka ndikuikankha ndi mkono wakumanzere womwe umayenera kungokhala phee, mafupa okha ndiwo anyamule. Pa SCATT zimaoneka poyera, mzere wosalala inde koma ukutsetserekera mmunsi, ndipo ma 9 anga ankagwera cha pa 6 koloko, kutanthauza kunsi kwa pakati pa chandamale.

Zonse kuziika pafupi ndi stock, mfuti inangolemera, kunjenjemera pafupifupi komweko, phindu lochepa.

Zomwe zinandiyanja ndi 100 g cha kukamwa, kumbuyo pang'ono kwa sight, ndi 50 g pakati. Zina ziwirizo zili mu chikwama. Ndipo pali china chimene ndinaona chomwe otsatsa malonda sanena, dera lomwe mfuti imayendamo silinachepe kwenikweni ayi. Chimene chinasintha ndi liwiro. Ikuyendabe koma pang'onopang'ono, nde diso ndi chala zimapeza mpata womvana, ndipo ukakoka trigger molakwika pang'ono mpope sudumpha kwambiri ngati kale. Ma 10.8 sanachuluke, koma ma 8 ndi ma 9 otsika aja anachepa, ndipo pa decimal zimenezo ndi zomwe zimakweza totolo, peleti imodzi yoipa imadya zabwino zingapo. Komanso mutu umadekha, ukamaona sight ikuyenda pang'onopang'ono mantha aja othamangira kukoka 10 isanathawe amachepa, zomwe kwa ine ndi theka la phindu lonse.

Akochi athu, bambo achikulire amene akhala pa masewerawa nthawi yaitali, safunsa kuti mfuti ikulemera bwanji, amafunsa kuti balansi ili pati. Amatenga kamtengo kozungulira nkuika pa tebulo, kukhazika mfuti pamwamba silinda ili yodzadza, nkumaisuntha pang'onopang'ono mpaka itasiya kugwera kutsogolo kapena kumbuyo, pamenepo alemba ndi pensulo. Kwa ambiri malowa amafunika akhale pomwe dzanja lonyamula limagwira kapena masentimita ochepa kutsogolo kwake, kuti kukamwa kuzikhazikika kokha koma osamukoka munthu. Balansi ikakhala kumbuyo kwa dzanja kukamwa kumapepuka nkumauluka, ikapita kutsogolo kwambiri butt plate imafuna kukwera kuchoka paphewa nde umayamba kuipanikiza ndi tsaya, khosi nalo lauma. Apa mpamene ena amaika zitsulo mbali zonse ziwiri, kutsogolo pa mpope ndi kumbuyo mkati mwa stock, balansi imakhala pomwe inali koma mfuti yadekha poti kulemera kwapita kumapeto konse kuwiri. Seti iyi imangothandiza mbali ya kutsogolo, zakumbuyo mufune padera. Langizo lawo lina nloti sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kaya 50 g kaya masentimita awiri atatu, lembani mu kabuku, womberani nazo masabata angapo musanaweruze, chifukwa chilichonse chatsopano tsiku loyamba chimakoma. Ndaona kuti amanena zoona.

Pomanga pali tizinthu tina toti musamale nato. Chotsani kaye silinda ndipo safety flag, kachingwe kosonyeza kuti mulibe peleti, ikhale ili mu mpope, mfuti ndi mfuti olo ikhale ya mpweya. Posema paja mpata wake ndi wochepa zedi, mphete ikangopendekeka pang'ono imakhudza silinda. Ine ndikabwezera silinda ndimalowetsa kapepala pakati, kakadutsa osakodwa nde zili bwino. Zikakhudzana mpope sukhalanso womasuka, peleti zimamwazikana, komanso pochotsa silinda kuti mukapope, paja imatulukira chakutsogolo, imakandika. China, pa mfuti zambiri za masiku ano chomwe mukuona kunjaku si mpope weniweni, weniweniwo ndi waufupi, cha mma 42 cm, kotsalako ndi chubu cha aluminiyamu kapena carbon chonyamula sight. Nde musamange ndi mphamvu zonse, carbon imasweka, aluminiyamu imapindika, zala ziwiri pa Allen key zakwana. Koma muziyang'anako kawirikawiri chifukwa kapulasitiki ka mkati kaja kamafinyika pakapita nthawi, bawuti nkulefuka, changa cha 100 g chinapezeka chayenda chokha pang'ono mu chikwama. Limeneli ndi vuto lachiwiri la seti iyi, laling'ono poyerekeza ndi loyamba lija, ndinangolemba kamzere ka pensulo pa chubu kuti ndiziona chikasuntha. Mukasintha malo a chitsulo yembekezani kuti peleti zigwera pena, ma click angapo pa sight akonza, musadandaule. Ndipo amene sight yanu ndi yotsika, yopanda ma riser okwezera sight mmwamba, suzumirani kaye muone ngati pamwamba pa mphete sipakulowa mu chithunzi chomwe diso likuona, pa yanga sizinachitike koma mnzanga wina atayesa pa yake ankaona kamthunzi kunsi.

Tibwerere pa 5.5 kg pang'ono. Yanga tsopano ili 4.75 kg nde ndilibe nkhawa, koma amene muli pafupi ndi malire musadalire sikelo ya kunyumba mpaka pa galamu yomaliza, siyani mpata wa 50 g kapena 100 g. Yezani silinda ili yodzadza chifukwa mpweya wa 200 bar umalemera ndithu, magalamu makumi angapo, ndipo tima riser, ka hand rest kogwirapo dzanja, ka blinder kotchinga diso, tomwe mumawonjezera chaka chili mkati timaiwalika. Pa mipikisano ya ISSF amasankha anthu mwamaere mpikisano ukatha nkuyezanso zida, nde sikuti munadutsa dzulo basi zatha, mukapezeka mwapitirira ntchito yonse ya tsikulo yapita.

Komanso dziwani kuti mukuwombera pansi pa buku liti. Ku America ana a sukulu a gulu la mfuti zopepuka lotchedwa sporter, pansi pa bungwe la kumeneko la CMP, malire awo a kulemera ndi otsika kuposa a ISSF, seti ngati iyi ingawapitirize mosavuta. Field target ya kuno ku UK, masewera ena owombera panja ndi air rifle, ndi nkhani inanso. ISSF nayo imakonzanso buku lake pakapita zaka zingapo, lili pa intaneti laulere, tsitsani latsopano muwerenge nokha gawo 7 la mfuti zazitali, osangomvera za pa range poti ena amanena malamulo omwe anasintha kalekale.

Alipo amene sindingawalangize kugula, ndipo apa ndilankhule mosabisa. Ana ndi achinyamata amene thupi likukulabe, ayi. Zimandimvetsa chisoni ndikaona mwana wa zaka 12 kapena 13 atapatsidwa mfuti ya akuluakulu nkumuwonjezeranso zitsulo ati poti ikugwedera, msana utapindika, nkhope itafiira ndi kulimbana. Mwanayo sakusowa chitsulo, akusowa mfuti yopepuka, ndipo makampani akuluakulu ngati Feinwerkbau, Walther ndi Anschütz amapanga za junior zopepuka dala. Msana ukayamba kupweteka pa msinkhu umenewo mwana amangosiya masewerawo, tamutaya. Oyamba kumene nanunso dikirani kaye. Ngati mapazi sanapeze poima, chigongono lero chili apa mawa apo, kugwedera kwanu kukuchokera mthupi, chitsulo chingobisa pang'ono nkukutopetsani. Ndalamayo bola mugule mapeleti abwino, R10 kapena Finale Match, muwombere kwambiri. Koma amene mwafika poti ma 10 ndi ambiri, kaimidwe kakhazikika, chomwe chikukuvutani ndi kunjenjemera kofulumira kwa kukamwa, inu ndi amene zinthuzi anapangira.

Mtengo wake si wotsika poganizira kuti ndi tizitsulo tinayi, ndipo poti ndinaitanitsa kuchokera ku Europe, chichokereni UK mu EU pamabwera VAT ya 20% ndi kandalama ka onyamula katundu, zomwe zinakweza ndithu, nde bola muyambe mwafunsa mashopu a momwemuno. Musanaitanitse yezani kunenepa kwa chubu chanu, sikufanana pa mfuti zonse, ndipo opanga mfuti amagulitsanso zitsulo zawozawo zokwana ndendende pa mfuti zawo, makampani a zida zowonjezera ngati MEC ndi Gehmann nawonso ali nazo. Ineyo ndinasankha izi chifukwa chotsegula pakati chija basi. Ndikanakonda akanamagulitsa chimodzichimodzi poti theka la seti sindikuligwiritsa ntchito, komanso mukanakhala ka 25 g, chifukwa pafupi ndi kukamwa paja kulumpha 50 g nthawi imodzi nkwambiri, umafuna chapakati koma palibe.

Amene muli kutali ndi mashopu oterewa, kaya ku Johannesburg kaya kumudzi, mmisiri wodziwa lathe angakupangireni ndi mkuwa kapena chitsulo wamba, si ntchito yovuta. Mumuuze kuti kukula konse kusapose 50 mm kuti mukhale ndi mpata, mabawuti alowe mkati osatulukira, kunsi aseme poti silinda idutse, mkati muikemo kachidutswa ka chubu cha njinga kuteteza mpope, kenako mupake utoto wakuda wosanyezimira. Ndipo ngati mukungofuna kuona kaye ngati kulemera kutsogolo kukuyanjani musanatulutse ndalama, tizitsulo tomata tija ta 5 g ndi 10 g toikira balansi matayala a galimoto timagwira ntchito bwino poyesera, matani pa chubu, womberani peleti 60 zonse osati 10, sunthani, yesaninso. Kungoti pa mpikisano weniweni kaonetseni kaye kwa oyeza zida musanalowe nato pa range.